Za Mlozi timazidziwa, nanga anthu anapsa m'bango pa Kambwe aja bwanji sitiwatchula?

Mukapeza mwana amene waphunzirako mbiri ya dziko lino ku sekondale, tamufunsani kuti Mlozi anali ndani. Akuyankhani osaganiza nkomwe, ati anali Mluya wogula akapolo ku Karonga, anamenyana ndi azungu kenako Harry Johnston anamunyonga mu 1895. Nde mumufunsenso kuti pa Kambwe panachitika chani. Ambiri angokuyang'anani basi. Inenso ndinali choncho, dzina la wakuphayo ndinaliloweza bwinobwino pofuna kukhoza mayeso koma malo amene anthu ake anaotcherapo amayi ndi ana ndinadzawamva ndili wamkulu kale, ndipo kuchokera pamenepo nkhaniyi simandichoka mumtima, makamaka ukafika Okutobala chonchi pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo bango la m'madambo lauma loti kambaliwali kamodzi kokha katha kuyatsa dambo lonse.

Chimene ndikufuna kunena ndi ichi abale anga. Zimene zinachitika pa Kambwe mu Okutobala 1887 sinali nkhondo ayi, kunali kupha anthu wamba amene anali atathawa kale, opanda mfuti, ena ana ali kumbuyo. Ndipo ife ngati dziko tawataya anthu amenewa kawiri, koyamba m'moto uja, kachiwiri m'mabuku athu momwe nkhani yonse ya ku Karonga tinaisandutsa ya azungu asanu ndi mmodzi kaya asanu ndi awiri olimba mtima komanso ya Mluya mmodzi woipa, eni dziko nkungokhala ngati udzu wopondedwa njovu zikamamenyana.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Chigwa cha Karonga ndi kwawo kwa Ankhonde, mfumu yawo yaikulu ndi Kyungu, ndipo likulu lake lakale linali paphiri la Mbande. Anali anthu a ng'ombe ndi nthochi. Alendo amene anadutsa kumpoto kwa nyanja zaka za m'ma 1870 ndi 1880 analemba modabwa za midzi yosesedwa bwino, nyumba zomangidwa mwaluso pansi pa nthochi, mkaka wosasowa, pa nthawi imene madera ambiri a dziko lino anali atasakazidwa kale ndi nkhondo komanso malonda a akapolo. Mu 1884 kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala, ya ku Glasgow, inatsegula sitolo pa Karonga poti apa mpomwe pankayambira msewu wa Stevenson wopita ku nyanja ya Tanganyika. Woyang'anira sitoloyo anali Monteith Fotheringham. Sitolo imeneyi inkafuna chinthu chimodzi kuposa zonse, minyanga ya njovu, ndipo amene anali ndi minyanga yambiri anali amalonda achiswahili ochokera cha ku chigwa cha Luangwa. Nde onani, sitolo ya azungu ija ndi imene inakhala ngati nyambo yowakokera pafupi, chifukwa m'malo moyenda miyezi ndi miyezi kukafika ku gombe la nyanja ya mchere munthu akanatha kugulitsa minyanga yake pa Karonga pomwepa nkutengapo nsalu ndi katundu wina.

Mlozi bin Kazbadema anabwera choncho, ngati wamalonda, ngati mlendo. Anapempha malo ndipo anapatsidwa, anakhazikika pa Mpata m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, anzake awiri Kopa Kopa ndi Msalemu nawonso anamanga pafupi. Kwathu kuno mlendo sitimubweza, timati mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, koma awa sanali mame. Midzi yawo inayamba kusanduka malinga, makoma a mitengo ndi dothi okhala ndi mabowo otulutsirapo mfuti, ndipo malinga atatuwa anakhala pamalo oti aliyense wodutsa msewu wa ku Tanganyika ayenera kuwadutsa pakhomo. M'katimo munadzaza asilikali aganyu aja ankatchedwa rugaruga, anyamata oti moyo wawo wonse unali mfuti ndi kufunkha. Zakudya ankadya za eni mudzi, poyamba mogula, kenako mongotenga.

Pali gawo lina limene ambiri amalilumpha chifukwa ndi lowawa, ine sindililumpha. Mlozi sanali ndi rugaruga okha. Panali Ahenga amene anathawa Angoni cha m'ma 1880 nkudzapeza pobisala m'dziko la Ankhonde, ndipo nkhondo itayamba ambiri mwa iwo anakhala mbali ya Mlozi. Anali othawa kwawo, opanda ng'ombe, okhala pa malo a eni, nde wina akubwera ndi mfuti nkuwalonjeza kuti dziko lonseli tikalitenga inunso mupeza panu. Umo ndi mmene wolanda dziko amachitira kulikonse, amafufuza mng'alu umene ulipo kale pakhoma nkulowetsapo chala.

Chaka cha 1887 mikangano ya apa ndi apo inakula, anthu anaphedwa, ndipo Mlozi anapezerapo chifukwa. Anthu ake anayamba kuotcha midzi umodzi umodzi, kulanda ng'ombe, kugwira amayi ndi ana. Ankhonde anali ndi mikondo ndi zishango, enawo anali ndi mfuti ndi wonga. Anthu anabalalika, ena anathamangira ku sitolo ya Mandala, ena ambiri anatsikira ku Kambwe, dziwe la m'mphepete mwa nyanja kumpoto pang'ono kwa pamene pali tauni ya Karonga lero, nkukabisala m'bango. Tangoganizani munthu wofika poganiza kuti bola ndikagone m'bango momwe muli udzudzu ndi ng'ona kusiyana nkugona m'nyumba mwanga. Amenewo ndi anthu oti agonja kale, asiya mudzi, asiya khola, asiya nkhokwe, chimene atsala nacho ndi mpweya wokha.

Anawatsatira konko. Anazungulira dziwe lija nkuyatsa bango. Aliyense amene anaonapo bango louma likupsa m'chilimwe akudziwa zimene ndikunena, limaphulika ngati mfuti, utsi wake umatseka m'maso, moto umathamanga kuposa munthu wamkulu wopanda katundu, nanji mayi wobereka mwana wina atamugwira padzanja, nanji agogo oyendera ndodo. Amene anatulukira kumtunda anakumana ndi mfuti ndi mikondo. Amene anathawira m'madzi akuya anamira kapena kugwidwa ndi ng'ona. Amene anakhala pomwepo anapsa. Amayi ndi ana amene anagwidwa amoyo anatengedwa ukapolo, ndipo ambiri mwa otsala anawoloka mtsinje wa Songwe kuthawira kwa abale awo Anyakyusa. Dziko lija la nthochi ndi ng'ombe linatsala mabwinja, ndipo Mlozi anadzitcha Sultan wa dziko la Nkhonde.

Mawu akuti Sultan amenewo muwagwire bwino chifukwa ndi amene akutiuza cholinga. Munthu wongofuna akapolo amagwira nkumapita, safuna kupha katundu wake, inde mawu ndi oipa koma ndi mmene iwo ankawerengera. Wotentha anthu m'bango akufuna china, akufuna malo akhale opanda eni, akufuna aliyense amene wamva nkhaniyo asadzayerekeze kubwerera. Kambwe unali uthenga wopita kwa Ankhonde onse kuti dziko lino si lanunso. Nchifukwa chake ine ndimakana anthu akamati anali mavuto a malonda a akapolo basi ngati mmene zinalili kwina konse. Apa panali kulanda dziko, ndipo kupha anthu wamba inali njira yake yolandira, sizinachitike mwangozi kapena chifukwa choti anyamata analusa mopitirira.

Tsopano taonani mmene nkhani imakhotera ikangofika mwezi wotsatira. Kumapeto kwa Novembala 1887 anthu a Mlozi anazinga sitolo ya Mandala masiku asanu. M'katimo munali azungu osakwana khumi, ndipo awa timawadziwa mayina, Fotheringham, Henry O'Neill amene anali kazembe wa Britain ku Mozambique, Alfred Sharpe amene nthawi imeneyo ankangosaka njovu, m'busa Bain wa mishoni ya Livingstonia ndi ena. Amene anawapulumutsa ndi ankhondo a Chinyakyusa zikwi zingapo amene anatsika kuchokera kumpoto, koma awa alibe mayina m'mabuku. Mu 1888 kunabwera Frederick Lugard, msilikali wa ku Britain, anatsogolera nkhondo pa linga la Kopa Kopa mu Juni ndipo chipolopolo chinamuboola mikono yonse iwiri ndi pachifuwa, bala limeneli lalembedwa m'mabuku osawerengeka. Lugard anadzakhala bwanamkubwa wa Nigeria, Sharpe anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland mpaka lero ku Ntcheu kuli malo otchedwa Sharpevale, Mangochi inkatchedwa Fort Johnston. Nkhondo yonseyi azungu anaitcha nkhondo ya Aluya, ngati kuti inali ya iwo ndi Aluya basi. Bala la munthu mmodzi tikulidziwa polowera ndi potulukira chipolopolo, koma mudzi wathunthu wopsera m'bango umangotenga mzere umodzi, pena osatchulidwa nkomwe.

Pa Karonga pomwepo pali manda a asilikali a Britain ndi Germany amene anafa pa nkhondo ya mu Seputembala 1914, osamalidwa bwino, mayina olembedwa pamiyala. Sindikudandaula kuti amasamalidwa, munthu aliyense wakufa ayenera ulemu ndipo eni ake akuchita bwino kukumbukira anthu awo. Funso langa likupita kwa ife. Iwo akutha kusamala manda a anthu awo kutali chonchi patapita zaka zoposa 100, ife chikutikanika nchani kutchula anthu athu amene anafera pakhomo pathu pomwe?

Zoterezi sizinachitike kwathu kokha. Pa 15 Julaye 1871 pamsika wa Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba ku Congo, anthu a amalonda achiluya ndi achiswahili anawombera khamu la anthu ogula ndi kugulitsa, ambiri anali amayi, mazana anafa, ena pomira mumtsinje pothawa. Dziko lonse linamva za Nyangwe chifukwa David Livingstone anali pomwepo ndipo analemba zimene anaona, nkhaniyo itafika ku Britain inathandiza kukakamiza Sultan Barghash kutseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar mu 1873. Koma taonani chaka, 1873, ndipo Kambwe ndi 1887, patadutsa zaka 14 msika utatsekedwa kale papepala. Chimandipweteka nchoti imfa ya munthu wakuda inkamveka pokhapokha mzungu akaiona nkuilemba, ndipo ife mpaka lero tikuoneka ngati tikudikirabe wina wakunja kuti adzatiuze kuti apa panafa anthu, lirani.

Ndikudziwa ena anena kuti koma iwe, chilungamo chake azunguwo ndi amene anatipulumutsa, ukufuna kuwachotsera ulemu bwanji. Ayi sindikuwachotsera. Fotheringham analandira othawa pa sitolo pake pamene akanatha kukwera sitima nkuchoka, Lugard anakhetsa mwazi wake weniweni, zimenezo nzoona ndipo zinenedwe. Koma zinenedwe pamodzi ndi zinzake. Kampani ya Mandala yomweyo ndi imene inkagula minyanga kwa Mlozi zinthu zisanaipe, ndipo aliyense ankadziwa kuti minyanga imeneyo imabwera pamitu pa ndani komanso imapezeka motani. Ku Ulaya inkakasanduka makiyi a piyano, mipira ya biliyadi ndi zipeso. Komanso mu Okutobala 1889, patangotha zaka ziwiri chichitikireni za pa Kambwe, Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anafika pa Karonga nkusainirana pangano la mtendere ndi Mlozi yemweyo, nkumusiya m'linga lake momwemo. Chifukwa chani? Johnston anali pa liwiro lokasainitsa mapangano ndi mafumu Apwitikizi ndi Ajeremani asanamupitirire, mlandu wa Ankhonde ukanamuchedwetsa. Mlozi anakhalanso zaka zina zisanu ndi chimodzi akulimbitsa linga ndi kugwira anthu. Ndipo fumbi litatha kampani ija inatsala ndi chikalata choti malo oposa maekala 2 miliyoni a m'boma la North Nyasa ndi ake, potengera timapangano tomwe inasainitsa mafumu. Nde Mnkhonde amene anapulumuka pa Kambwe anabwerera kwawo nkupeza kuti dziko lake papepala lili ndi mwini wina. Wopulumutsa wotere timuthokoze inde, koma tisamusandutse mwini nkhani.

Palinso gulu lina, ili ndimakumana nalo kwambiri pa Facebook, achinyamata ophunzira bwino amene atopa ndi mbiri yolembedwa ndi atsamunda, ndipo kutopako ndikukumvetsa. Iwowa amati aliyense amene anamenyana ndi azungu ndi ngwazi, ndiye Mlozi nayenso anali womenyera ufulu, zoipa zakezo anakokomeza ndi azungu pofuna chifukwa cholandira dziko. Gawo lina ndi loona, a Mandala ndi amishoni anaigwiritsadi ntchito nkhani ya Karonga pokopa anthu ku Scotland kuti boma la Britain lilowererepo, ndipo mu 1891 dziko lino linakhaladi pansi pa Britain. Koma kuti wina anapindula ndi maliro sizitanthauza kuti maliro kunalibe. Ankhonde sanawoloke Songwe chifukwa chowerenga nyuzipepala ya ku Glasgow. Mlozi sankamenyera ufulu wa munthu aliyense, ankamenyera kuti wolamula ndi wodyerera dziko la eni akhale iyeyo osati mzungu. Kumuika pamzere umodzi ndi John Chilembwe ndi kutukwana Chilembwe komanso kutukwana anthu aja anapsa.

Koma mantha aakulu amene ndimawaona, ndipo awa ndi amene ndikuganiza kuti amatitseka pakamwa, ndi a chipembedzo ndi mitundu. Anthu amati zisiyeni zakalezi, mukayamba kunena za Aluya mudzutsa chidani ndi Asilamu, mukatchula Ahenga muyambanitsa anthu amene pano akukwatirana nkumapemphera limodzi. Nkhawa imeneyi si yopusa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi Asilamu, ndi abale athu, azilamu athu, anzathu a kuntchito, ndipo ndaonapo ndi maso anga mmene nkhani ya ukapolo imasandukira chibonga m'makomenti, wina kungolemba kuti inu ndi amene munkatigulitsa, kumuuza mnyamata wa ku Mangochi wobadwa 2001. Zimenezo ndi zoipa ndipo ndi umbuli.

Koma mankhwala a umbuli si kukhala chete, ndi kunena nkhani yonse. Ukainena yonse umapeza kuti sikukwana m'thumba la chipembedzo. Mlozi ankafuna minyanga, akapolo, msewu ndi dziko. Amene anayatsa bango ambiri anali anthu akuda ngati ife, rugaruga ochokera m'mitundu ya kumtunda ndi Ahenga amene sanali Asilamu nkomwe. Ngakhale mawu oti Mluya amabisa zambiri, chifukwa ambiri mwa anthu amenewa anali Aswahili kapena obadwa kwa amayi achiafirika, kungoti ankavala mikanjo, kulankhula Chiswahili ndi kudalira ngongole ndi misika ya ku Zanzibar ndi Kilwa. Jumbe wa ku Nkhotakota, Msilamu, ndi amene anathandiza Johnston pa zokambirana za 1889, ngakhale nayenso chuma chake chinachokera m'zombo zowolotsa akapolo panyanja. Ndipo ogula minyanga kumapeto kwa mzere anali Akhristu a ku Ulaya ndi America. Aliyense amene akufuna kutenga Kambwe kuti akamenyere mnzake wa chipembedzo china apeza kuti ndodoyo ikumumenya yekha.

Komanso tisapite mbali inayo nkuyamba kuchita manyazi kutchula kuti panali ufumu wa malonda wochokera ku gombe, wolamulidwa ndi mafumu achiluya a ku Oman amene anakhazikika ku Zanzibar, umene minda yake ya zonunkhiritsa zija amati karafuu inkalimidwa ndi akapolo, ambiri ochokera kuno kunyanja. Za ukapolo wa ku America timazinena momasuka, mafilimu timaonera, koma anthu a kuno kwathu ambiri sanapite ku America, anapita kum'mawa, kudzera Nkhotakota, kuwoloka nyanja, kuyenda wapansi magoli ali m'khosi mpaka Kilwa. Ngati tingathe kutchula Britain ndi Portugal mayina awo popanda kudana ndi mzungu aliyense woyenda mumsewu, tingathenso kutchula Zanzibar ndi Oman popanda kudana ndi Shehe wa pamzikiti wapafupi. Za Ahenganso chimodzimodzi, mdzukulu salipira mlandu wa agogo ake, koma akulu anati mlandu suwola, ndipo umene sunakambidwe pabwalo umakambidwa kuseri monong'ona, kumene kulibe wowongola pakakhota.

Mathero a Mlozi ndi aja timawadziwa. Kumayambiriro kwa Disembala 1895 Johnston anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India, Amakua, Atonga ndi mizinga, sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann inathandiza kunyamula asilikali panyanja. Linga la Mpata linagwa, Mlozi anapezeka atabisala m'chipinda chapansi, ndipo amene anamutulutsamo anali msilikali wachitonga, Sajeni Bandawe. Mafumu a Ankhonde ndi amene anakhala pa mlandu wake, ndipo ananyongedwa pa 4 Disembala 1895. M'lingamo munapezeka akapolo 569. Ine pamenepa chimene chimandigwira si chingwe chija ayi, ndi mafumu aja atakhala pansi kuweruza, patatha zaka zisanu ndi zitatu, ena mwa iwo oti anathawa okha usiku kuwoloka Songwe. Amenewo ankadziwa amene anatsala pa Kambwe, ankawadziwa mayina, nyumba zawo, ng'ombe zawo. Mwana amene anagwidwa pa Kambwe ali ndi zaka zisanu, ngati anakhala ndi mwayi wosagulitsidwa kutali, tsiku limenelo anatuluka m'linga ali ndi zaka 13.

Nde ndikupempha chani? Sindikupempha holide ina, tili nawo okwanira, pa 15 Januwale timakumbukira Chilembwe, pa 3 Malichi timakumbukira amene anafa mu 1959. Ndikupempha zinthu zoti zitheka olo popanda ndalama za ma dona. Choyamba buku la sukulu likamatchula Mlozi lizitchulanso Kambwe, osati ngati kachiganizo kodutsa koma ngati mutu pawokha, mwana adziwe kuti panali anthu, ankakhala motani, anafa motani, ndani anapindula. Karonga ili ndi nyumba yosungiramo mbiri ndi chikhalidwe imene inatsegulidwa mu 2004, ana a sukulu amapita kukaona mafupa a Malawisaurus, chinyama cha zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, nzabwino kwambiri, ndipo ulendo womwewo utha kupitirira pang'ono kukafika pa Kambwe ana nkuima m'mbali mwa bango aphunzitsi nkuwafotokozera. Njira za akapolo za dziko lino zinalembedwa kale pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za malo a mbiri, koma sitikuyenera kudikira likulu lawo ku Paris kuti tidzike mwala.

Ndipo mwalawo asaulembe anthu a ku Lilongwe okha. Nkhaniyi eni ake alipo, a Kyungu alipo, mafumu a m'midzi yozungulira alipo, mabanja amene agogo a agogo awo anawoloka Songwe nkubwerera alipo. Iwowa ndi amene anene mawu oti alembedwe, m'Kyangonde, chinenero cha Ankhonde, choyamba, zinenero zinazo pambuyo. Pamwambo wake pakhale m'busa, pakhale Shehe, pakhale akuluakulu a Ahenga, osati kudzapepesa mokakamizidwa kapena kudzalozedwa chala koma kudzaima limodzi pamalo pamene anthu anafera.

Chimene chikundithamangitsa mtima ndi nthawi. Munthu wa zaka 85 lero anabadwa cha m'ma 1940, ndipo agogo ake atha kukhala kuti anali ana kapena achinyamata mu 1887, kutanthauza kuti m'midzi ya ku Karonga mutha kupezekabe anthu amene anamva nkhaniyi kuchokera pakamwa pa munthu amene anaona utsi uja ndi maso ake. Mzere umenewu watsala pang'ono kuduka, maliro aliwonse a nkhalamba kumeneko akupita ndi kachidutswa kake. Ophunzira za mbiri ku Mzuzu University ndi ku Zomba, aphunzitsi a m'masekondale a ku Karonga, ngakhale iwe mnyamata kapena mtsikana wa ku Mpata, Kaporo kapena Ngerenge amene ukuwerenga izi pafoni, foni yomweyo ili ndi pojambulira mawu. Pita kwa agogo madzulo ano, khala pamphasa, uwafunse kuti kodi akuluakulu ankati chani za nthawi ya Mlozi, ndani wa m'banja mwathu anathawa, ndani sanabwerere, ankaimba nyimbo yanji akakumbuka. Ukamva dzina ulilembe, olo likhale limodzi lokha.